Eyiti Alowa, Seveni Aoneka

1.
Ndine Nedson, wokonza makompyuta kuseri kwa depoti ya Balaka. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma laputopu ikangondiona imayamba yokha kuulula machimo.

2.
Iyi inali ya a Nangondo, azakhali ake a bwenzi langa Ndaziona. Iye anali atandichenjeza kuti chinkhoswe chathu chili m'manja mwa mayi amenewo: akati ayi, amalume onse ayi, ngakhale galu wapakhomo ayi. Laputopuyo inkachedwa ngati basi yodikira kudzaza. Ndinaikamo memore yatsopano, magiga eyiti. Ulere.

3.
Papaketi analemba 8. Ine Nangondo ndafika nayo kunyumba, ndayatsa, ikuti 7.2. Maso anga akadalipo. Mwana wa achimwene anga akwatiwe ndi munthu wobera apongozi dzuwa likuswa mtengo?

4.
Eyiti alowa, seveni aoneka.

5.
Zimene ine Nedson ndinagwira polumbira a Nangondo atabwerera ndi Ndaziona:
Baibulo,
sikuludiraiva,
pachifuwa,
Baibulo kachiwiri.

6.
Musamunamizire mwana wa eni, ndine laputopu ndikunena. Ndisanakupatseni kanthu ndimayamba ndapatula. Gawo la sikirini, kuti zithunzi zanu zioneke. Kagawo ka tizipangizo tanga tam'kati. Chotsalacho ndiye ndimakuonetsani. Koma ndilibe pakamwa, ndiye andinenere yekha.

7.
Ndinawauza kuti memore yonse ilimo, ndinatsegula pansi pake kuti aione ndi maso, ndinafotokoza za sikirini, iwo nkhope gwa, ndinafotokozanso m'Chingerezi changa chothyokathyoka, nkhope gwa, ndiye mdyerekezi anandinong'oneza chitsanzo ndipo ine ndinachilandira ndi manja awiri, ndati amayi, zili ngati paukwati, mukapereka nkhuku eyiti kwa ophika patebulo pamafika seveni, inayo imathera kuseri komweko ndipo aliyense amadziwa

8.
Ndaziona anandipondanso phazi.

9.
Iwe Nedson, chitsiru. Phazi lako ndinaliponda kawiri konse. Azakhali akhala mkulu wa ophika m'maukwati a m'Balaka muno zaka makumi awiri.

10.
Ndiye mukuti ophika ndi akuba, bambo?
Ayi amayi. Ndikuti sikirini ikapanda kudya, palibe chioneke.
Anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kumasilipasi. Ananyamula laputopu yawo. Sanatsanzike.

11.
Masabata atatu osamva kanthu. Lamba ndinaboola kabowo kena.

12.
Eyiti alowa.

13.
Mapeto ake a Nangondo anavomera. Loweruka la chinkhoswe, akwathu anapereka nkhuku eyiti kukhitchini. Ndinawerenga patebulo ndi chala chobisa. Seveni. A Nangondo anadutsa pafupi nane akupukuta milomo ndi nsonga ya chitenje, osandiyang'ana n'komwe.
Akamwini, lekani kuwerenga. Inayo ndi ya sikirini.