Chala pa Nsalu ya Bakha

Shopu yathu ili ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale mphaka wogona pakhonde amalidziwa: nsalu iliyonse isanalowe kuseri kwa galasi, iyambe yachapidwa. Analiika ndi Amayi, ine ndisanabadwe. Amati thukuta la m'manja silioneka tsiku limene munthu wamaliza kupeta, koma pakapita zaka limatulukira lachikasu, ndipo mwini wake sabwera kudzadandaula za manja ake, amabwera kudzatukwana felemu yathu.

Tilipo atatu. Amayi amapeta ndi kuchapa. Achimwene amadula matabwa a felemu kuchipinda chakuseri, pa tebulo lomwe Bambo anasiya, ndipo pakamwa pawo sipapuma ngati macheka awo omwewo. Ine ndimakhala pa kauntala. Ndimagulitsa ulusi ndi masingano, ndimalandira ntchito, ndimakunga nsalu pa katoni ndi maphini mpaka itaongoka, ndimapukuta magalasi.

Chimwalirireni mwana wanga, ntchito ndimaigwira bwino kuposa kale. Sindipsera mtima munthu amene watulutsitsa maulusi onse obiriwira n'kugula wofiira. Sindichedwa, sindidwala, nthabwala za achimwene sindiseka. Anthu amati ndine wolimba mtima. Si kulimba ayi. Ndili ngati mwendo umene wachita dzanzi: ukautsina umaona ndi maso kuti wautsina, koma sumva kanthu.

Tsiku lina masana kunalowa bambo wina atavala yunifolomu ya oyendetsa mabasi. Anaima kaye pakhomo ngati walowa molakwika, kenako anatulutsa kajumbo m'thumba la malaya. M'kajumbomo munali kansalu kopindidwa, kosaposa mpango wa m'manja. Anakatambasula pa kauntala ndi zala ziwiri.

Panali bakha wachikasu ali pambali pa dziwe. Ulusi wake unali wokokedwa kwambiri kwina, wolendewera kwina, ndipo bakhayo anali ndi miyendo itatu. M'mphepete monse nsaluyo inali itada ndi kugwiridwagwiridwa. Pangodya yam'munsi panali chidindo cha chala chachikulu cha mwana, chofiirira, mizere yake ikuoneka bwinobwino.

"Ulusiwu tinagula pompano," anatero bamboyo. "Mwana wanga wamkazi ndiye anapeta, ali m'chipatala."

"Wapeza bwino tsopano?" ndinafunsa, poti pakamwa pamafunsa pokha.

"Sanatuluke."

Ndinati pepani. Iwo analoza chidindo chija osachikhudza.

"Awa ndi mankhwala ake akumwa aja. Ankawatayira m'manja. Chonde mayi, muiike mmene ililimu. Musachotsepo kanthu."

Ngati panali munthu m'tauni yonse woyenera kuwamvetsa bambowo, munthuyo ndinali ine. Titabwera koika mwana wanga, ndinapeza Amayi atachapa zovala zake zonse, mpaka kansalu ka pilo, atazisita, atazipinda bwino m'sutikesi. Anachita mwachikondi, ndikudziwa. Ndinatenga chimodzichimodzi n'kumanunkhiza, ndipo chilichonse chinkanunkhira sopo. Sindinanene kanthu tsikulo, ndipo sindinanenepo kanthu kuyambira pamenepo.

Ndiye ndinawamvetsa. Tinasankha thabwa lopyapyala lofiirira, ndinayeza nsaluyo, ndinawauza kuti abwere Loweruka. Atangotuluka kunalowa mayi wina wofuna singano zokhuthala, akulankhula ngati wailesi. Ndikumuyankha choncho, manja anga anapinda kansalu kaja n'kukaika m'basiketi ya ntchito zatsopano, momwe amaika nsalu iliyonse chiyambire. Mutu wanga sunali pamenepo. Kunena zoona sindidziwa kumene umakhala masiku ano.

Amayi amafika pa shopu tonse tisanafike, chifukwa amati madzi am'mawa ndiwo amachapa bwino. M'mawa mwake nditalowa, ndinadutsa kuchipinda cha achimwene kukapachika juzi, ndipo pa chingwe chakuseri ndinaona bakha uja ali lende, woyera mbee, madzi akudontha pangodya.

"Waiona?" anatero Amayi akupukuta manja. "Inali ngati chopondera pakhomo. Kabanga ka pangodyako kanandivuta, ndachita kukaviika kawiri. Koma taona mmene chikasucho chawalira."

Ndinaima n'kumayang'ana madzi akudontha. Ndinkadikira kuti mwina mtima ugunda, mwina nkhongono zizizira. Palibe chinachitika. Ndinangowafotokozera zonse mmene zinalili, ndi mawu omwe ndimauzira anthu mtengo wa ulusi.

Amayi anakhala pansi pa bokosi la magalasi, pomwe amatiletsa tonse kukhalapo.

"Bwanji sunandiuze, mwana iwe?"

"Ndinaiwala."

"Chinthu ngati chimenechi munthu amaiwala?"

"Ndinaiwala, Amayi."

Achimwene anali atalowa pakati pa nkhaniyo, chipewa chili m'manja. Anaiyang'ana nsaluyo mbali zonse ngati akufuna kuigula.

"Madzi akatayika saoleka," anatero. "Koma tiyi amaphikidwa."

Tonse tinadziwa chimene ankatanthauza. Nthawi zina munthu amabwera ndi nsalu yakale yong'ambika kuti tiikepo chigamba, ndipo chigambacho timachiviika m'tiyi wopanda mkaka kuti chifanane ndi inzake. Ndi ntchito yoona imeneyo, mwini wake amadziwa. Izi zinali zina.

"Pa shopu ino sitinanamizepo munthu," anatero Amayi. "Bambo ako akanakhala moyo..."

"Bambo akanakhala moyo akanathawira kogula misomali, n'kubwera madzulo zitatha," anatero achimwene. "Chabwino, tisaname. Loweruka muime pa kauntala inuyo, muwauze kuti bambo, mwana wanu tamuchapa."

Achimwene nawo anaona kuti pakamwa pawathamangira, anayamba kusesa utuchi womwe unali wosesedwa kale.

"Munachapanso za mwana wanga," ndinatero ine kwa Amayi.

Sindinakonzekere kunena zimenezo, ndipo sindinazinene mokwiya. Zinangotuluka. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinkafuna usazipeze zakuda," anatero.

"Ndikudziwa."

Anadzuka pa bokosi paja, analowa kukakhitchini kathu kakang'ono, ndipo tinamva akutsira madzi m'ketulo. Tiyiyo anaphika okha, wakuda bii, anathiramo shuga wambiri kuti azimata ngati mankhwala a ana.

Panatsala nkhani ya chala. Cha achimwene n'chachikulu ngati mutu wa hamala, ndipo chili ndi chipsera cha macheka. Cha Amayi mizere inatha kalekale ndi singano, chimangoterera. Onse awiri anayang'ana manja anga. Ndine ndinabadwa ndi timanja tating'ono m'banja mwathu, moti ndili mwana ankandituma kutola maphini ogwera kuseri kwa kabati.

Nsaluyo itauma, ndinayeserera kaye pa tizidutswa totsala. Koyamba tiyi anachuluka, chinangokhala chibanga. Kenako chinatuluka chofooka. Achimwene ankaima pambali n'kumalangiza ngati anadindapo zala za ana akufa moyo wawo wonse. Nditapeza muyeso wake, ndinatambasula bakha uja pa tebulo, ndinakumbukira pomwe bambo aja analoza, ndinaviika chala, ndinadinda. M'mphepete ndinapakamo fumbi la pensulo ndi mafuta pang'ono a m'manja mwanga, n'kumaifinyafinya nsaluyo mpaka inada ngati kale. Amayi sanayang'ane. Anakhala pawindo ndi ntchito yawo ya maluwa, singano ili m'manja koma osayenda.

Ndinaikunga pa katoni mosamala, osaikoka kwambiri. Achimwene anadula ngodya zinayi zomwe sindinaonepo zokumana bwino chotero, moti ngakhale tsitsi silikanalowa pakati. Tinaika galasi, tinakhoma timisomali, kumbuyo tinamata pepala lakhaki. Itatha, inkaoneka ndendende ngati mmene inabwerera. Ndinaiyang'ana ndipo sindinamve manyazi kapena mpumulo. Ndinangoona kuti ntchitoyo yagwirika bwino.

Loweruka bambo aja anabwera, koma sanabwere okha. Kumbuyo kwawo kunali mayi wochepa thupi, atavala juzi yaikulu ngakhale kunja kunkatentha. Za mayi ake a mwanayo palibe mmodzi wa ife anaziganizirapo. Amayi anga atawaona anadzuka pawindo n'kulowa kuseri.

Ndinaika felemu pa kauntala n'kuchotsa pepala lokutira.

Bambowo anapuma mozama. Anawerama, anayang'ana bakha, anayang'ana dziwe, kenako anaika chala chawo pa galasi, pamwamba penipeni pa chidindo chija.

"Ndi chomwechi," anatero. "Waona, mayi ake? Chala chake ichi."

Mayiwo anayandikira. Sanakhudze galasi. Anangoyang'ana, manja ali m'matumba a juzi.

"Mukudziwa chifukwa chake ali ndi miyendo itatu?" bambowo anafunsa achimwene, amene anali atatulukira ndi utuchi m'tsitsi. "Ndinamufunsa ine. Ndinati iwe, bakha wa kuti ameneyu? Akuti adadi, basi yanu ili ndi tayala la sipeya, ndiye bakha wanga ayende wopanda sipeya?"

Anaseka, misozi ikutsika, ndipo achimwene anaseka nawo mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Bambowo anatembenukira kwa ine.

"Zikomo mayi. Anzanga kuntchito ankati ndisapite nayo kwa anthu a mafelemu, akaichapa. Ine ndinati amene aja ndinawaona m'maso, andimva."

"Zikomo bambo," ndinatero.

Anafunsa za kapachikidwe kake, poti khoma la kwawo ndi la simenti ndipo misomali imangopindika. Achimwene, amene ankafuna pothawira, anawatengera kuseri kuti akawaonetse msomali woyenera. Bambowo ananyamula felemu n'kupita nayo komweko, osafuna kuisiya. Pa kauntala tinatsala awiri.

Mayiwo anayang'ana maulusi a m'kabati kwa kanthawi, ngati akusankha mtundu. Kuseri kunkamveka mawu a achimwene akufotokoza za misomali ngati nkhani ya boma.

"Nsalu ija ndinkagona nayo," anatero motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Chichokereni kuchipatala. Bambo akewa anachita kundipempha kuti aiike m'galasi, akuti ndiimaliza ndi misozi."

Ndinayamba kupinda pepala lokutira lija.

"Chidindo cha chala chake chinali chopendekeka. Ankadinda akugona chammbali." Apa ndiye anandiyang'ana. "Chija n'cha ndani?"

Ndikanatha kukana. Achimwene akanakhalapo akanalumbira mpaka kutchula manda a Bambo. Koma ine mphamvu zonamira ndinalibe, monganso ndinalibe zolirira. Ndinatulutsa dzanja langa lamanja n'kuliika pa kauntala, chala chachikulu chili m'mwamba.

Anachigwira. Manja awo anali ozizira. Anachitembenuza, anayang'ana mizere yake pafupi, mmene munthu amayang'anira nsalu asanagule. M'mbali mwa chikhadabo munali mudakali kofiirira pang'ono.

"Inachapidwa," ndinatero. "Ndine ndinalakwitsa. Pepani."

"Yonse?"

"Yonse."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire, sanakweze mawu. Nkhope yawo ndinaizindikira, chifukwa ndi yomwe ndimaiona m'magalasi ndikamapukuta.

"Muli ndi mwana, mayi?"

"Ndinali naye."

Anachigwirabe chala changa kanthawi, kenako anachibweza pa kauntala bwinobwino ngati chinthu chobwereka. Kuseri bambo aja anasekanso, ndipo mayiwo anatembenuzira mutu komweko kumvetsera mpaka kusekako kutatha.

"Ndi lero lokha aseka," anatero. "Musadzawauze. Ngakhale atabweranso ndi ntchito ina, musadzawauze."

"Nanga inu?"

Anabweza manja m'matumba a juzi. Amuna awo anali akutulukira, felemu ili pachifuwa, kathumba ka misomali kali m'kamwa.

"Iwo azikachigwira chalacho akamapita kuntchito," anatero mayiwo. "Ine ndizikapukuta fumbi."