Bulangete la m'Sutikesi

Kamdzukulu kawo kachimuna katangotha masiku asanu, kanasanduka chikasu mpaka m'maso, bere kukana, mkodzo uli bii ngati tiyi. Agogo akewo, mayi wamasiye wosoka zovala pamsika, anasiya diresi ya kasitomala pamakina n'kuthamangira kuchipatala.

Mpongozi wawo, bambo wa khandalo, anamupeza pabenchi atagwira tsaya. Anamulalatira pomwepo, anthu akumva: kuti kwawo n'kwa anthu a magazi amadzi, kuti anamuona kalekale mmene amapumira wefuwefu akangonyamula ndowa imodzi. Iye anangoti zyoli.

Dokotala anawaitana onse, mwana wamkazi wa mayiwo, make wa khandalo, akungolira. Anati timaselo tofiira ta m'magazi a khandalo tikusweka msanga kuposa mmene thupi likupangira tina, chikasucho n'zinyalala zake, ndipo chikachuluka chimawononga ubongo. Anafunsa za mankhwala, onse anakana. Kenako anatola bulangete la mwanayo, nalinunkhiza.

"Ili lachokera kuti?"

Mayi wamasiyewo anayankha monyada kuti ndi lawo, la paukwati, lakhala m'sutikesi chimwalirireni bambo, ndi timibulu toyera tothamangitsa njenjete. Osati nsanza zogula azipongozi.

Dokotala anati timibuluto ndi timene tachita zimenezi. Ana ena amabadwa ndi magazi osapirira fungo lake, ngakhalenso mankhwala ena, ndipo mwana wamwamuna chibadwachi amatengera kwa mayi ake, osati kwa bambo ake.

Mayi wamasiyewo anafuna pokhala, mpando wopanda munthu panalibe. Mpongozi anawapatsa wake.

Khandalo analiwonjezera magazi, naligoneka pansi pa nyale yabuluu, maso atalimanga. Masiku atatu mayiwo anangokhala pakhonde, osalowa, kuopa kuti nawonso akununkha. Zovala zawo anazichapa kanayi. Mpongozi amawabweretsera madzi, iwo amalandira osamuyang'ana.

Tsiku lachinayi namwino anatuluka n'kunena kuti chikasu chatsika, ubongo sunakhudzidwe, mnyamatayo akuyamwa ngati alipo wina womulanda. Anawapatsa pepala la zinthu zoti azipewa moyo wake wonse.

Mayiwo analitembenuza uku ndi uku, zilembo zake zinali zazing'ono. Analipereka kwa mpongozi.

"Werengani inuyo bambo, mokweza. Pang'onopang'ono, musadumphe mzere."

Atamaliza, anamuuza kuti ayambirenso.