Pagona Yeremiya

Khasu loyamba linali litalowa kale m'nthaka pamene Faines anatulukira pachipata cha manda a mishoni ali wefuwefu.

"Taimani! Musakumbe pamenepo!"

Adzukulu anaimika makasu n'kuyang'ana Dave, mlongo wake wamkulu, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Lilongwe. Bambo awo, aphunzitsi Obed, anali atamwalira Lachiwiri. Thupi linali kunyumba, amayi a Mvano akuimba.

"Iwe Faines, chavutanso n'chiyani?" anatero Dave. "Akulu ampingo avomera. Malo otsala ndi ano okha, pakati pa abusa oyamba ndi mzamba uja. Ukufuna tikawataye kumudzi ku Ntchisi, kuthengo kumene ndi galimoto yomwe siifika?"

Kunena zoona, Faines nayenso ankafunitsitsa kuti bambo ake agone muno. Bambowo analambula manda amenewa zaka makumi atatu osatumidwa. Ankabwera ndi ana a sukulu n'kumawaimika pa chiliza chilichonse. Apa abusa Agustino, amene ankayenda wapansi mpaka ku Mponela kukalalikira. Apa mayi Margareta, mzamba amene analandira theka la ana a kuno. Ankawasimba ngati anadya nawo dzulo. Ndiye iwowo akagone kopanda wowadziwa? Mtima unamuwawa zedi.

"Achimwene, malowa ali ndi mwini wake," anatero. "Pagona munthu apa."

"Munthu wake uti? Mtumbira uli kuti? Chiliza chili kuti?"

"Yeremiya. Ndiye anaumba njerwa za tchalitchi chija, ndiyenso anakumba manda a abusawa. Atamwalira anangomuikira mtanda wamtengo, chiswe n'kudya. Ababa anamva kwa agogo."

"Nthano zimenezo! M'kaundula wa mpingo mulibe."

"Mulibedi. N'chifukwa chake ababa ankavutika naye."

Faines anagwada, nafukula udzu wouma kumutu kwa malowo. Panali mwala wafulati, waukulu ngati mbale, wopanda lemba lililonse. Mvula ya chaka chino inali itatsuka zonse, ndipo aphunzitsi anagwa pamphasa mvula isanathe.

Dave anaseka mowawidwa. "Mwala basi? Ababa ataye ulemu wawo chifukwa cha mwala?"

Mkulu wa adzukulu, a Isake, anatsokomola. Anati aphunzitsi sankapondapo pamenepa, ankachita kulambalala, chipewa chili m'manja. Iwo ankangoti ndi ukalamba. Atatero anatsamiritsa khasu lawo kumpanda, anzawo aja n'kuchitanso chimodzimodzi.

"Ndauza kale anthu a kuntchito kuti maliro ali kumishoni," anatero Dave. "Moyo wawo wonse ababa sanapatsidwe kanthu. Ngakhale ichi chokha?"

Faines anaimirira. Anapisa dzanja m'thumba la diresi n'kutulutsa kachidutswa ka choko. Anakapeza m'mawa womwewo m'jekete la bambo ake, posankha zowaveka. Anakaika m'dzanja la mlongo wake.

"Chaka ndi chaka, mvula ikatha, ankabwera kudzalembanso dzina pamwalapa. Chaka chino sanathe."

Dave anakayang'ana nthawi yaitali. Kanali kakang'ono, kodyeka mbali imodzi, monga momwe bambo ake ankagwirira choko. Misozi inayamba kugwera pa taye. Kumusi kunkamveka nyimbo ya amayi aja, pang'onopang'ono.

"A Isake," anatero pomaliza, "kwirirani pamene mwakumbapo. Tikaika ku Ntchisi, pafupi ndi mayi awo."

Kenako anagwada m'fumbi ndi buluku lake labwinolo, napukuta mwala uja ndi mkono wa malaya. Analemba ndi choko chija, malemba n'kutuluka owongoka, ngati a mwana wa mphunzitsi: YEREMIYA.

Potuluka, onse awiri analambalala.