Dzungu la Njerewere

"Masamba sadzipinda okha, alangizi. Pali dzanja la munthu apa."

Amake mapasa anakweza mawu dala kuti mlamu wawo amve. Mlamuyo ankathirira dimba lake tsidya la ngalande, atawalozetsa nkhongo. Sabata yonse awiriwa sankapatsana moni, chifukwa amake mapasa anamunena pagulu kuti anawapopera maungu awo mankhwala opha udzu.

Alangizi a zaulimi ananjuta n'kutembenuza tsamba. Linali la mawangamawanga, pena pobiriwira, pena pachikasu, lokwinyika ngati malaya osasita.

"Akanakhala mankhwala, udzu ukanapsa nawo. Taonani wanuwu, ukuchita kusangalala."

"Ngochenjera ameneyo. Anachita kusankha."

Alangizi anangomwetulira. "Mbewu munagula kuti?"

"Ine kugula? Ndimasunga ndekha. Chaka chatha ndinasankha dzungu la njerewere thupi lonse. Otere ndi amene amakhala a ufa."

"Nanga masamba a chomera chake anali otani?"

Mayiwo, amene pakamwa pawo sipankatera ntchentche, anayankha motsitsa mawu.

"Analiko ngati awa. Koma chinabereka."

"Njerewere zina ndi mtundu wa dzungu, mayi, zina ndi matenda. Kachilombo kake sikaoneka ndi maso, ndipo kamabisala m'nthanga. Zikamera, tizilombo todya masamba timakatenga n'kukagawira zomera zina. Mankhwala ake kulibe. Zulani zonse mukakwirire kutali."

Anatero alangizi, n'kukwera njinga yawo, ulendo.

Manyazi anawagwira amake mapasa. Koma chinawawawa kwambiri n'china. Nthanga zomwezo anagawirako mlamu wawo, kapu yodzadza, nthawi imene ankamwerana madzi. Iye anabzala mochedwa, ndipo zake zinali zitangotulutsa masamba anayi, osalala bwinobwino.

Amake mapasa anazula mizere yawo iwiri akuyeserera mawu chamumtima. Kenako anapukutira manja pansalu n'kudumpha ngalande.

"Alamu, ndinakulakwirani. Mbewu ija ndinakupatsani inali yodwala. Muzule msanga isanafalikire ku nkhaka zanu."

Mlamuyo anaika kheni yake yothirira ija pansi. Anayang'ana mbewu zake, kenako anawayang'ana iwo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Dzana ndinali wokupherani maungu. Lero anu afa, ndiye angawa akukuthobwani m'maso?"

"Funsani alangizi!"

"Ali kuti?"

Amake mapasa anacheukira kumsewu. Kunalibe munthu.

Mlamuyo anatola kheni yake n'kupitiriza kuthirira, phando lililonse mosamala.