Batani la Kadzuwa

"Mwaiwononga laputopu ya sukulu, Madamu Doris," anatero a Cyprian Goma, moni osapereka n'komwe. "Chiibwerekereni inu, muno muli mdima ngati m'nkhokwe."

Doris Mwanza, mphunzitsi amene anabwera ku Tembwe kuno kuchokera ku Chipata, anaima pakhomo la ofesi choko chili m'manja. A Goma anali atawerama patebulo, mphuno itatsala pang'ono kukhudza sikirini. Mayeso ankayamba Lolemba, koma mafunso a masamu anali asanatayipidwe.

Masiku amenewo bambowa ankangodandaula ndi chilichonse. Choko cha chaka chino akuti n'chosalemba. Ana akuti akulemba timalemba ta nyerere. Ngakhale dzenje limene linawagwetsa panjinga, dzenje lodziwika ndi mbuzi zomwe, iwo ankati ndi latsopano. Anzawo ankangoyang'anana, poti mkulu satsutsidwa pagulu.

"Si vuto, Ba Goma," anatero Doris. "Gwirani batani la m'munsi ilo pakiyibodi, manje dinani lili ndi kadzuwa, pamzere wapamwamba. Kuwala kukwera."

"Mukuphunzitsa ine? Chiyambire m'mawa ndikudina lomwelo."

Doris anazungulira tebulo kuti aone yekha. Atangoyang'ana sikirini, anaphimba nkhope ndi dzanja. Kamzere kosonyeza kuwala kanali katadzaza mpaka kumapeto.

"Ba Goma," anatero motsitsa mawu, "yafika pomaliza. Kulibenso kokwera."

"Musandinamize, mwana inu."

"Ine ikundithobwa m'maso."

A Goma anadinanso batani lija, n'kudinanso, mpaka chala chinangokhala pomwepo. Kenaka anatseka diso lamanzere ndi chikhatho. Malemba anali mbuu, ngati utsi wa lupsa. Atatseka lamanja, zenera lomwe linasanduka chinthu choyera chopanda malire.

Mantha anawagwira. Anakumbukira bambo awo ku Kambombo, munthu wolima chimanga chodzaza nkhokwe ziwiri, amene anamalizira moyo atakhala pakhonde, kuzindikira ana ake ndi mawu okha. Zimenezi a Goma ankazidziwa kale mumtima, kungoti ankaopa kuzitchula.

"Akamva akuluakulu a maphunziro andikhazika pakhomo," anatero. "Mphunzitsi wosaona bolodi ndi wa chiyani?"

"Mwina ndi ng'ala chabe, madokotala amachotsa," anayankha Doris. "Koma ine sindingakukokeni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Panja ana ankaimba matebulo a masamu. A Goma anatembenukira kwa Doris.

"Ndakunenerani zoipa, Madamu. Mundikhululukire."

"Palibe kanthu, Ba Goma."

"Mawa ndipita kuchipatala ku Chama. Njinga apalasa ndi amayi a kunyumba, ine ndikhala kumbuyo. Anthu aseke."

Anakankhira laputopu kwa Doris n'kumusiyira mpando.

"Chepetsani kuwalako, mungadzipweteke maso. Ine ndizinena mafunso, inu muzitayipa."

Doris anagwira batani la m'munsi lija n'kudina la kadzuwa kakang'ono, mpaka kamzere kanafika pakati. Kwa iye malemba anaoneka bwino lomwe. Kwa a Goma, amene anaima kumbuyo kwake, sikirini inazimiratu.

Bambowa anapukuta m'maso ndi mpango.

"Funso loyamba," anatero.