Mathanki Ophikidwa mu Uvuni

Banja linali pakhonde likumwa tiyi wa masana pamene mkamwini anatsitsa mathanki awiri m'galimoto. Anali mathanki a mpweya a apongozi ake, a aluminiyamu wakalekale, amene bambowo ankabereka polowa pansi pa madzi kukakonza mapaipi a padamu. Mathankiwo anachoka pakhomo ali osupukasupuka. Tsopano ankanyezimira chikasu.

"Ndinachita kukuberani, bambo," anatero mkamwini akuseka. "Ndinati apongozi anga asamaoneke ngati otola zitsulo."

Mayi anaomba m'manja. Mwana wawo wamkazi anayang'ana bambo ake, kudikira kuti amuyamikire mwamuna wake, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Bambo anaika kapu pansi. Anakanda thanki imodzi ndi chikhadabo, koma penti sanachoke.

"Wauma bwanji chonchi, akamwini?"

"Mmene timachitira ndi galimoto. Wakale ndinamuwaula ndi moto wa gasi n'kupala. Watsopanoyu ndaumitsa mu uvuni wa kugalaja. Ameneyu adzamupeza ndi adzukulu."

"Ndiye kuti mwawaphika."

Bambo anasisita thankiyo. Mathanki amenewo anawalera ngati ana. Akavuuka ankawatsuka ndi madzi oyera n'kuwaimika pamthunzi, ndipo sankawasiya opanda mpweya kuopa chinyezi. Chaka chilichonse ankamasula valavu yotsekera mpweya n'kusuzumira pakhosi pa thanki ndi tochi ndi kagalasi, kufuna ming'alu.

"Aluminiyamu akalawa moto amafooka," anatero pang'onopang'ono. "Maso saona. Amangodikira tsiku lopopera mpweya, ndiye n'kuphulika."

Mkamwini anayang'ana nsapato zake.

"Abambo, sabata yamawa muli ndi ntchito padamu," anatero mayi motsitsa mawu. "Kumeneko satenga munthu wopanda mathanki ake, ndipo pamsinkhu wanuwu akubwerekeni ndani? Mmene akuwaliramu, munthu wokupoperani mpweya m'mathanki uja sangafunse n'komwe."

"N'chimene chikundiopsa, amayi. Akanakhala osupuka akanawakayikira. Akamapopa, ine ndimakhala panja n'kumacheza. Amene amawerama pathanki ndi iyeyo."

"Akanakhala mwana wanu wobereka simukanamuchititsa manyazi chonchi," anatero mwana wamkazi, akusonkhanitsa makapu mwaphokoso.

"Wanga wobereka akanayamba wafunsa."

Tiyi anazizira mutipoti. Alendo anatsanzika dzuwa likadali pamwamba, ndipo palibe anawaperekeza.

M'mawa mwake bambo anakweza mathankiwo pawilibala n'kupita kugalaja. Anapeza mkamwini akusakaniza penti.

"Mwadzuka bwanji, akamwini. Ndibwerekeni choboolera chija."

"Bambo, bwanji tingowasunga penapake?"

"Ine ndidzamwalira, wina adzawapeza akuwala, adzati watola mwayi. Gwirani apa."

Mkamwini anagwada n'kugwira thanki ndi manja onse awiri. Choboolera chinalira, tizitsulo toyera tinagwera pansapato za bambo. Anaboola yoyamba, kenaka yachiwiri, pamwamba penipeni pamene aliyense angaone.

"Koma dzanja lopenta muli nalo," anatero bambo akupukuta fumbi pachikasupo.

Atabwerera kunyumba anapeza mayi akuyanika zovala. Mayi anayang'ana mabowo aja. Kenaka anagubuduza thanki imodzi n'kukatchingira chitseko cha kukhitchini, chimene chimavuta kukakhala mphepo.