Voti ya Bambo Stankowski

"Amayi, ndani angadziwe?" anafunsa Tricia motsitsa mawu, akutsuka kapu ya khofi yomwe inali itayera kale.

Mayi Marlene ankapukuta tebulo la m'khitchini pomwe panali maenvulopu awiri a mapepala ovotera. Imodzi inali yawo, inayo ya amuna awo, a Orville Stankowski, omwe sakanathanso kukaima pa mzere tsiku la chisankho. Chiwagwirereni sitiroko m'mwezi wa Meyi, dzanja lamanja linali litafa, maso ankangoona mbuu, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a mpopi wouma. Lamulo linkalola kuti wina awachongere pamaso pa mboni. Mboniyo anali Tricia, mwana wawo, namwino yemwe anayendetsa galimoto maola awiri kuchokera ku Milwaukee m'mawa umenewo.

"Ine ndimagwira ntchito m'chipatala, ndikudziwa chomwe ndikunena," anapitiriza Tricia. "Munthu amene ababa akufuna kumuvoterayo akangolowa, thandizo la mankhwala a ababa lidzadulidwa. Ndiye inu muwachongere chingwe choti adzimangirire? Ingowachongerani wathu uja, iwo sangaone. Kuno ku Wisconsin munthu amapambana ndi mavoti okwana m'chikhatho."

"Kapuyo uiboola," anatero amayi ake.

Pa zaka makumi anayi ndi zinayi za banja lawo, makolo a Tricia anali asanagwirizanepo pa munthu womuvotera. A Orville anagwira ntchito mu fakitale ya mapepala mpaka tsiku lomwe inatsekedwa, ndipo chaka chino mtima wawo unali pa munthu wa chipani chofiira, yemwe ankalonjeza kutsegulanso mafakitale. Mayi Marlene, omwe anaphikira ana asukulu moyo wawo wonse, anali a chipani cha buluu mpaka m'mafupa. Munthu wa amuna awo ankamutcha Ng'oma, ati yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. A Orville nawo ankatcha wa akazi awo Ahedi, ati amayankhula ngati dziko lonse lafika mochedwa m'kalasi.

Tricia anakula akumva mikangano imeneyi pa chakudya chilichonse. Koma chiyambireni matenda, m'nyumbamo munali zii. Amayi ake ankawasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa ndi supuni, ndipo abambo ake, omwe kale mawu awo ankamveka mpaka kumsewu, ankangoti, "Zikomo."

Mayi Marlene anapita kuchipinda nabwera akukankha njinga ya odwala. Anawaveka amuna awo malaya abwino, ngati akupita kutchalitchi. Anatsegula envulopu, navala magalasi, nawerenga mokweza mayina onse a ofuna upulezidenti, ngakhale a tizipani ting'onoting'ono tomwe palibe ankatidziwa. Sanakweze mawu pa dzina lina kapena kutsitsa pa lina.

"Eya, bambo a Tricia. Ndichonge pati?"

A Orville anatafuna mawu kwa nthawi.

"Wa... wanu."

"Mwati bwanji?"

"Wanu... yemweyo. Ahedi."

Tricia anagwira phewa la abambo ake, nayang'ana amayi ake ndi maso oti chongani msanga asanasinthe. Panalibenso chobera apa. Munthu ananena yekha, mboni ikumva.

Koma mayi Marlene anaika cholembera pansi, navula magalasi.

"Chifukwa?"

"Amayi, anena kale!"

"Iwe wabwera kudzaona, sunabwere kudzayankhula. Orville, ndati chifukwa chiyani? Mwamumva akunena chiyani chomwe chakusangalatsani?"

A Orville anaweramitsa mutu. Dzanja lamanzere linakwawa pa tebulo mpaka linakhudza chala cha akazi awo.

"Mwa... vutika. Ndi ine."

"Ohoo! Ndiye ndi malipiro?" Mayi Marlene anachotsa dzanja lawo. "Munamva kuti kupatsa n'kuika, ndiye mwaganiza kuti ndimakusambitsani kuti ndidzatapeko voti? Ine si wandale wogawa zipewa, bambo inu. Ngati mwasinthadi maganizo, ndichonga pompano, ndipo ndivina mpaka pakhonde aneba aone. Koma ndiyambe ndamva."

Anakoka mpando, nakhala moyang'anizana nawo, manja atapinda pachifuwa.

"Ndiye kuti mwavomereza kuti Ng'oma yanu ija ndi phokoso chabe."

A Orville anayang'ana kumbali.

"Mwavomerezanso kuti Ahedi ndi amene amadziwa mavuto a anthu ogwira ntchito."

Khutu la a Orville linayamba kufiira.

"Ndipo mwavomereza, pamaso pa mwana wanu, kuti fakitale yanu ija inatsekedwa chifukwa cha chipani chanu chomwecho, monga ndakhala ndikukuuzirani zaka zonsezi."

Dzanja lamanzere linamenya tebulo, supuni n'kugwa pansi.

"Bodza!"

Tricia anadzidzimuka. Mawuwo anatuluka athunthu, amphamvu, a bambo ake akale aja.

"Ahedi anuwo," a Orville anapuma, nkhope ili psuu, "sanagwirepo... ngakhale... nyundo!"

"Nanga Ng'oma yanuyo inagwirapo? Manja osalala ngati a khanda!"

"Koma... anabwera. Pa geti. Anationa."

"Anabwera kudzajambulitsa."

"Anabwera!"

Chiyambire Meyi, Tricia anali asanawamvepo akulumikiza mawu ochuluka chotero. Mayi Marlene anatola chopukutira, nawapukuta amuna awo pakamwa mofatsa, navalanso magalasi.

"Ndikufunsaninso. Ndichonge pati?"

A Orville anatchula dzina la munthu wawo, loyamba ndi lachiwiri lomwe.

Tricia anayang'ana dzanja la amayi ake. Mayi Marlene anadetsa kabwalo ka pambali pa dzinalo pang'onopang'ono, mosasiya mpata ngakhale pang'ono, kuti makina owerenga asadzapeze chifukwa chokanira. Anatsiriza pepala lonse motero, akufunsa mpando uliwonse, kenako anasaina kuti ndiwo athandiza, namata envulopu. Atachonganso lawo, anakankhira zonse kwa Tricia.

"Mboni, saina."

Tricia anasaina. Atawabwezera abambo ake pawindo la pabalaza, pomwe ankakonda kuothera dzuwa, anapeza amayi ake ataima pa sinki, madzi akungotayika.

"Mukudziwa kuti za mankhwala zija ndimanena zoona," anatero Tricia.

"Ndikudziwa. Mantha omwe uli nawowo, anga ndi oposa. Amene ndimawerenga mabotolo aja ndine." Anatseka mpopi. "Koma taona, mwanawe. Matendawa awalanda dzanja, awalanda maso, awalanda galimoto. Ngakhale chitseko cha kubafa satsekanso okha. Chatsala n'chakuti munthuyu amaganiza zakezake, zolakwika zomwezo. Ndiwalandenso chimenecho, ine amene ndimagona pambali pawo? Ndikanatsala ndi ndani m'nyumba muno?"

Tricia ankadziwa anthu ambiri okonda chipani chawo, iye mwini anali mmodzi wa iwo. Koma anali asanaonepo munthu akubweza voti yomwe waipatsidwa m'manja. Anatenga maenvulopu onse awiri, nawaika m'thumba la m'kati la jekete lake.

"Ndikapereka ndekha ku positi," anatero.

"Tipitira limodzi. Mayi Lindqvist apafupi apa abwera kudzakhala ndi abambo ako." Mayi Marlene anali akuvala kale nsapato. "Ukatero ukanditsitse ku nyumba zatsopano zija za kuseri kwa sitolo. Akuti kuli anthu omwe sanaganizebe wovotera. Ndikagogoda khomo ndi khomo."

"Ndi mawondo anuwo?"

"Nanga nditani? Abambo akowa andiphera voti yanga. Ndikapeze ina."

Kuchokera pabalaza kunamveka mawu okokera, koma omveka bwino.

"Simu... kaipeza!"

"Muona!" anakuwa mayi Marlene, akutsegula chitseko.